Chenje cha Galu: Kabuku ka Mbuzi, Galu ndi Ng'ombe Monga Kangamvekere ku Chigwa cha Shire

1. Kabuku ndi nkhani yake

Pepala lino likuunika kabuku ka ana kazithunzi kotchedwa Goat, Dog and Cow, kolembedwa ndi Fabian Wakholi, kamene zithunzi zake adajambula ndi Marleen Visser. Ndi kamodzi mwa timabuku ta African Storybook, ntchito imene bungwe la Saide la ku Johannesburg lidaitulutsa poyera m'chaka cha 2014 pofuna kuti ana a mu Africa akhale ndi zoŵerenga m'ziyankhulo zao. Aliyense ngololedwa kumasulira ndi kusindikiza timabukuti kwaulere, ndipo kamene tikukambaka kadamasuliridwa kale m'ziyankhulo zambiri, kuphatikizapo Chinyanja cha ku Zambia. Ife sitikuyesa ntchito ya womasulira wina aliyense. Funso lathu ndi lakuti: nkhaniyi ikafika m'manja mwa mwana wa ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula, m'Chicheŵa chimene amaphunzira kusukulu, imanena chiyani, ndipo ndi mau ati amene angabise kapena kuulula chimene imanenacho?

Nkhani yake njaifupi. Ziŵeto zitatu zimene zidali pa ubwenzi zidakwera takisi imodzi. Pa mapeto a ulendo ng'ombe idapereka ndalama yokwanira. Galu, posoŵa ndalama zing'onozing'ono, adapereka yopitirirako. Koma dalaivala asanambwezere yotsalayo, mbuzi idaliyatsa liŵiro osapereka kanthu. Dalaivala pokwiya adachoka ndi chenje cha galu. Masamba otsiriza afotokoza kuti nchifukwa chake mpaka lero galu amathamangira galimoto, mbuzi imaithaŵa, koma ng'ombe siitekeseka nayo konse.

Mphunzitsi wofulumira adzalemba pa bolodi kuti phunziro la nkhaniyi ndi kukhulupirika pa ndalama, ndipo ana adzakopera. Ife tiwona kuti limeneli ndilo phunziro lochepetsetsa la m'kabukuka. Wosakhulupirika uja adapulumuka ndi ndalama yake. Wopereka mopitirira ndiye adatayikidwa. Nkhani yofuna kuphunzitsa kulipira siikadatha motero.

2. Nthano yakale m'galimoto yatsopano

Kamangidwe ka nkhaniyi sikachilendo kwa ife. Ndi ka nthano zofotokoza chiyambi cha khalidwe la nyama, monga ija ya nkhuku imene idataya singano ya kabaŵi, kotero kuti nkhuku imapalasa pansi kufunafuna ndipo kabaŵi amatenga anapiye. Tizindikire kuti nthano imeneyonso yagona pa ngongole. Chinthu chabwerekedwa, sichidabwezedwe, ndipo mbadwo zonse zotsatira zikhalira kulondana. Akulu adati mlandu suola, ndipo nthano za mtunduwu ndizo mwambi womwewo utapatsidwa miyendo.

Chatsopano ndi galimoto. Mabuku a osonkhanitsa nthano zathu, kuyambira la R. S. Rattray la 1907 kufikira Land of Fire la Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe la 1985, ngakhale ndi amtengo wapatali, angathe kutizoloŵetsa kuganiza kuti nthano ndi chinthu cha makolo chofunika kuchiwombola chisanafe. Koma nthano ya takisi siingakhale yakale kuposa takisi. Njanje yochoka ku Port Herald, kumene tsopano ndi ku Nsanje, idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo magalimoto onyamula anthu adachuluka pambuyo pake. Tsono pamene pali umboni wakuti luso lopeka nthano lili moyo, ndipo limatola chilichonse chimene chafika pamudzi.

Nthabwala ya kabukuka yagona pakuti mwana amadziŵa mapeto asanamve chiyambi. Mkango wa m'nthano za Kalulu mwana wa ku Chikwawa angauwone pokhapokha atapita naye ku Majete, kumene mikango idabwezedwako mu 2012. Koma ng'ombe yoima pakati pa mseu wa M1, dalaivala akuimbira belu pachabe, amaiwona tsiku lililonse popita kusukulu. Mbuzi zobalalika ndi agalu othamangitsa matayala nazonso sasoŵa kuuzidwa. Kabukuka kangopereka chifukwa chabodza cha chinthu choona, ndipo mwana amaseka chifukwa umboni wa bodzalo uli panja pa zenera.

Pali kuseka kwina kumene wolemba mwina sadakuganizire. M'chigwa muno ziŵeto zimakweradi galimoto. Ng'ombe zogulidwa m'misika ya ku Ngabu ndi kwina zimakwezedwa pa malole kukwera chitunda cha Thabwa kupita ku Blantyre, ndipo mbuzi imamangidwa pa keliyala ya njinga, miyendo inai pamodzi. Ulendo wake ngosabwerera, ndipo chiŵeto sichifunsidwa ndalama chifukwa ndalamayo ndicho chomwe. Mwana woŵeta akawona chithunzi cha mbuzi yokwera mwaufulu nkutsikanso yamoyo, kuthaŵa kwake amakumvetsa mwa njira imene mwana wa mu mzinda sangakumvetsere.

3. Mgwirizanitsi

Tifike tsopano pa nkhani ya malamulo a chiyankhulo, imene tikhalitsepo chifukwa ndiyo yogwira phunziro lonse. Maina atatu a atengambali athu sali m'gulu limodzi. Galu ali m'gulu la Mu-A-, limodzi ndi munthu, mwana ndi mlimi. Mbuzi ndi ng'ombe zili m'gulu la I-Zi-, limodzi ndi nyumba, mbale ndi ndalama. Taonani ziganizo izi, zimene tapeka tokha:

(1) Galu wakuda uja wathyola mpanda.
(2) Mbuzi yakuda ija yathyola mpanda.
(3) Mbuzi adathyola mpanda.
(4) A Ng'ombe adathyola mpanda.

Chiganizo (1) ndi (2) ndi Chicheŵa cha tsiku ndi tsiku. Chiganizo (3) nchololedwa m'nthano, pamene mbuzi yasanduka dzina la mtengambali; kunja kwa nthano chikanena munthu, ndipo ndi chipongwe, pakuti kutchula munthu mbuzi ndi kumunena kuti ndi chitsiru. Chiganizo (4) chaonjeza ulemu.

Sitikunena kuti gulu la dzina limatsata tanthauzo nthaŵi zonse. Fodya ndi katundu alinso m'gulu limodzi ndi galu, ndipo palibe amene amati fodya ndi munthu. Komabe m'nkhani imene nyama zitatu zaikidwa pa mpando umodzi, khutu la mwana limamva kusiyana kwa agwirizanitsi, ndipo womasulira sangathaŵe kusankha. Akasiya dzina lililonse m'gulu lake, monga tachitira ife pofotokoza nkhaniyi mu ndime yoyamba ija, galu yekha ndiye amayankhulidwa ngati munthu, ndipo mwana amaima naye asanadziŵe chifukwa chake. Mbuzi imakhala chinthu chimene chathaŵa, monga madzi athaŵira m'chidebe chobooka, ndipo chinthu sichiimbidwa mlandu. Akaŵapatsa onse atatu agwirizanitsi a munthu, Mbuzi amasanduka woyenera kuyankha pa bwalo. Akapatsa Ng'ombe yekha a waulemu, monga wonena nthano wochenjera angachitire pofuna kuseketsa, ndiye kuti waloŵetsa m'nkhanimo kusiyana kwa olemera ndi osauka.

Chingerezi cha kabukuka chilibe njira zimenezi. Chili ndi yakeyake, yosiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'aloŵam'malo: galu ndi wamphongo, mbuzi ndi ng'ombe nzazikazi. Kusiyana kumeneku kumafera pa khomo la Chicheŵa, ndipo ife sitikulira maliro ake. Nkhani imene wothaŵa ngongole ndi wamkazi, wobedwa ndi wamwamuna, siitaya kanthu kaphindu ikaiŵala zimenezo.

Maganizo athu ndi akuti Chicheŵa chingathe kuchita pano chimene Chingerezi sichingathe. M'chigawo choyamba, cha ulendo, onse atatu akhale anthu ndipo mneni akhale wa nthaŵi yakale: Mbuzi adatero, Ng'ombe adatero. M'chigawo chachiŵiri, chofotokoza za lero, maina abwerere m'magulu ao ndipo mneni atenge -ma- wa chizoloŵezi: mbuzi imatero, ng'ombe imatero. Pamenepo mwana adzamva ndi khutu lake kuti nkhani yachoka pa Mbuzi mmodzi amene adalakwa, yafika pa mbuzi iliyonse imene siidakwereko takisi koma ikuthaŵabe. Mlandu wa mmodzi wagwera mtundu wonse, ndipo chosenza kusinthako ndi kachilembo kamodzi. Galu yekha ndiye sasintha mgwirizanitsi m'zigawo zonse ziŵiri, monga kuti madandaulo ake akadali a munthu mpaka lero.

Tiwonjezepo kuti ana ambiri a ku Nsanje ndi a kumwera kwa Chikwawa amayankhula Chisena kwao, ndipo Chicheŵa amakumana nacho m'kalasi, potsata chigamulo cha 1968 chimene chidachikweza kukhala chiyankhulo cha dziko. Mbuzi ndi ng'ombe ndi mau omwewo m'ziyankhulo zonse ziŵiri. Galu yekha ndiye mlendo: m'Chisena ndi mwanambwa, dzina loyamba ndi mwana. Mphunzitsi amene angalole mau ameneŵa kumveka m'kalasi mwake adzapeza kuti ana asankha kale mbali.

4. Kulipa ndi kulipira

Tsinde la -lip- lili ndi nthambi zimene Chingerezi chimaziphimba ndi liu limodzi. Kulipira ndi kupereka mtengo wa chinthu chimene walandira: ulendo, sukulu, chigayo. Kulipa ndi kupereka chifukwa cha cholakwa, ndipo mpamene pachokera dipo. Kulipitsa ndi kukakamiza wina kuti apereke. Kulipirira ndi kupereka m'malo mwa wina. Nkhani yonse ingathe kufotokozedwa ndi aneni anai ameneŵa. Ng'ombe adalipira. Mbuzi adayenera kulipira, koma pothaŵa adasandutsa mtengo wa ulendo kukhala mlandu, ndipo tsopano ayenera kulipa. Dalaivala adalipitsa Galu. Galu adalipirira Mbuzi osafunsidwa. Womasulira amene angagwiritse kulipira pokhapokha kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza sadzakhala atalakwa, koma adzakhala atasiya mneni wachitatu ndi wachinai m'thumba, ndipo aŵiriŵa ndiwo anena chimene chidachitikira Galu.

Tsono tiwone ziŵetozi monga zikhalira pamudzi. Pa bwalo la mfumu, munthu wopezeka wolakwa kaŵirikaŵiri amalipa nkhuku kapena mbuzi. Mbuzi imene m'kabukuka yathaŵa kulipira ndiyo chindapusa chenichenicho. Imathera moyo wake kulipa milandu ya anthu ena. Ng'ombe ndiyo nkhokwe ya chuma m'chigwa muno, kumene mvula njosadalirika ndipo madzi osefukira, monga a 2015 ndi a namondwe Freddy a 2023, amakokolola minda: mwini khola amagulitsa imodzi nkupeza chimanga, fizi, ngakhale malowolo kwa amene mwambo wao uli nawo, monga Asena. Kunena kuti Ng'ombe adalipira zonse ndi kunena chimene mwana aliyense akuchidziŵa, kuti kwa a ng'ombe ndalama siisoŵa. Galu yekha ndiye alibe mtengo. Palibe mfumu imene imalandira galu ngati chindapusa, ndipo dzina lake ndi mau otukwanira munthu wopanda pake. Mwa atatuŵa, amene dziko lili naye ngongole ndi yemweyo amene sagulidwa ndi munthu.

Liu lakuti chenje liyenera ndemanga yapambali. Ndi lobwereka ku Chingerezi, ndipo chifukwa liyamba ndi ch- ambiri amaliika m'gulu la Chi-Zi- nkumati chenje changa. Pamene kwacha idayamba mu 1971, chenje chidali kuŵerengedwa m'matambala, kutanthauza kuti chiŵeto chachinai chikadabisala m'nkhaniyi, m'thumba la dalaivala. Lero tambala sagula kanthu, ndipo kuyambira 2022 tili ndi pepala la K5,000. Vuto la Galu, lokhala ndi ndalama yaikulu pamene pafunika yaing'ono, ndi la aliyense wokwera minibasi kapena kabaza. Kondakitala amati dikirani, ndipo wokwerayo amakhala ulendo wonse maso ali pa dzanja la kondakitalayo, kuwopa kutsika ataiŵalidwa.

5. Dalaivala

M'kabukuka muli munthu mmodzi yekha, ndipo ndi yekhayo amene alibe tsamba lake pa mapeto. Tauzidwa chimene Galu, Mbuzi ndi Ng'ombe amachita mpaka lero. Chimene dalaivala amachita mpaka lero sitidauzidwe. Adakwiya, adachoka, basi. Tisamuweruze mopitirira: Galu adangopitiriza pang'ono, kotero chenje sichikadakwana mtengo wa mpando wa Mbuzi, ndipo dalaivala nayenso adatayikidwa, mwinanso madzulo ake adali ndi mwini galimoto womudikira. Koma m'mene adachitiramo adakhala wodandaula, woweruza ndi wolanda, zonse pa mphindi imodzi, injini ikulira.

Mwambo wathu umadziŵa kulipirirana. Kwa Amang'anja mwinimbumba amayankha milandu ya ana a mlongo wake, ndipo kwa Asena a kuchimuna ndiwo amasenza. Koma kumeneko ndi kulipirira mbale, pa bwalo, mboni zitamveka. Galu sadali mbale wa Mbuzi. Adangokhala naye mpando umodzi. Lamulo limene dalaivala adatsata ndi lina, lija lakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo makolo a ana oŵerenga kabukuka amalidziŵa bwino. Ngongole za feteleza ndi mbeu za bungwe la boma la SACA, lokhazikitsidwa mu 1988, zidali kuperekedwa kudzera m'makalabu a alimi, ndipo mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse idali kumanidwa chaka chotsatira. Njirayi idabweza ndalama zambiri kwa zaka zingapo, kenaka idagwa pambuyo pa chilala cha 1992 ndi kusintha kwa ndale kwa 1993. Magulu ambiri obwereketsana ndalama a masiku ano amayenderabe mfundo yomweyo. Mai amene masheya ake adadulidwa chifukwa mnzake wa m'gulu adasamuka usiku sasoŵa womufotokozera chimene Galu akufuna m'galimoto.

Za Mbuzi kabukuka sikanena ngati adali ndi ndalama nkuikaniza kapena adalibiretu. Mpata umenewu ngwabwino, ndipo womasulira asautseke ndi mau monga wakuba kapena wachinyengo. Kuthaŵira kutchire pomva kulira kwa galimoto kuli ndi mbiri yake m'chigwa chino, chimene Elias Mandala adalemba za ntchito ndi ulamuliro wake m'buku la 1990. Msonkho wa nyumba udayamba m'zaka za m'ma 1890, ndipo osoŵa ndalama adali kubisala kapena kuwoloka malire. M'nthaŵi ya chipani chimodzi munthu wopanda khadi adali kubwezedwa pa chipata cha msika ndi pa khomo la basi. Agogo amene angamve mdzukulu akuŵerenga za mantha a Mbuzi angaseke, koma adzakhala akuseka chinthu chimene adachiwona.

Chotivuta kwambiri ife ndi Ng'ombe. Tsamba loyamba latiuza kuti atatuŵa adali mabwenzi, ndipo ubwenziwo sutchulidwanso. Ng'ombe adaona zonse. Akadatha kulipirira Mbuzi, pakuti ndiye mwini chuma. Akadatha kuchitira umboni Galu. Sadachite chilichonse, ndipo mphotho yake ndi mtendere wa mumtima ndi ufulu wotseka mseu. Kabukuka kamuika pa tsamba lomaliza, pa malo a ulemu, ndipo mphunzitsi wofulumira uja adzauza ana kuti akhale ngati Ng'ombe. Koma mlimi wa m'madimba a m'mbali mwa Shire, amene chimanga chake chachilimwe chidadyedwa ndi ng'ombe za mnzake wolemera, amakudziŵa kuyenda kosatekeseka kumeneko, ndipo sakutcha chilungamo.

Tiyerekeze ndi kabuku kena kotchuka ka ziŵeto, Click, Clack, Moo ka Doreen Cronin ndi Betsy Lewin, ka ku America, ka chaka cha 2000. M'menemo ng'ombe zipeza taipi, zilembera mwini famu kupempha mabulangete otenthetsedwa ndi magetsi, ndipo zikakanizidwa zinyanyala kupereka mkaka, nkhuku nazo nkuleka kuikira. Ziŵeto zimagwirizana, munthu nkugonja. Nthabwala ya mabulangete siingapite patali ku Ngabu, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, koma kusiyana kwenikweni kuli pena. Kwa Cronin ziŵeto zili ndi liu limodzi ndipo zimalemba. Kwa Wakholi palibe chiŵeto chimene chiyankhulako mnzake chitatsika takisi. Chilichonse chatsala chokha ndi mseu. Kabuku ka ku America nkokoma kukamva. Kathu kano kafanana kwambiri ndi zimene zimachitika pa siteji ya basi.

6. Zithunzi ndi mvekero

Tsamba lililonse lili ndi chithunzi chimodzi ndi chiganizo chimodzi kapena ziŵiri. Kwa mwana wa Sitandade 1 kapena 2 ndi muyeso woyenera, ndipo chithunzi chimamuthandiza kulota liu limene lamukanika. Chimene chasoŵa ndi chimene nthano yapakamwa ili nacho chochuluka. Palibe padangotero, palibe tili tonse, palibe nyimbo yoti omvera avomere. Ndiponso palibe mvekero, popeza Chingerezi chimene ambiri amamasulirako nchosauka pa mbali imeneyi. Chithunzi chingaonetse mbuzi ili m'malere, koma sichingamveketse liŵiro.

Womasulira wa Chicheŵa asachite manyazi kubwezeramo zimene Chingerezi chidataya. Mbuzi zikamva galimoto zimangoti balala. Ng'ombe ili njo pakati pa mseu, kenaka nyang'anyang'a kuwoloka. Dalaivala atachoka, pa siteji padangoti zii. Mau otere ngaafupi, ali ndi maphatikizo osavuta kwa woyamba kuŵerenga, ndipo ana amaŵanena ndi thupi lonse. Amathandizanso mwana wa Chisena, pakuti mvekero umamveka ngakhale kwa amene mau ena a m'chiganizo amudutsa.

Mafunso a pa mapeto nawo afunika kusamala. Funso lakuti ndani sadalipire lili ndi yankho limodzi, ndipo kalasi lidzaliimba pamodzi. Funso lakuti ndani ali ndi ndalama ya Galu lili ndi mayankho aŵiri, Mbuzi kapena dalaivala, ndipo kalasi la ana 100 lingagaŵikane pakati. Wina adzati Galu akafunse Mbuzi, poti ndiye adayambitsa; wina adzati ndalama ili m'thumba la dalaivala, ndipo Galu sakulakwa kulondola galimoto. Mphunzitsi akafuna kupitiriza, aike mpando kutsogolo, asankhe mfumu ndi nduna zake, aitane Ng'ombe ngati mboni, ndipo atumize mwana mmodzi kukaima pa khomo kudikira ngati dalaivala angabwere.